Magalasi Awiri a Ana a Mayi Mmodzi

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1974, oyamba mwa ana awiri aakazi. Tisabise mawu pamaso pa anthu: mng'ono wawo anakula akuwachitira nsanje. Yunifolomu yatsopano inkapita kwa akulu, iwo n'kumavala zosiyidwa. Akulu atapita ku koleji mu 1993, iwo anatsala pa makina osokera.

Mu 1998 malemu anakwatiwa ndi aphunzitsi ali apawa, n'kuyamba ntchito mu labotale ya chipatala. Ankadula tizidutswa ta zotupa za m'mawere, kutiyika pa galasi, kutipaka mankhwala, n'kupereka kwa adokotala. Diso lawo linazolowera. Ankatiuza kuti chotupa cha maselo ondandalika bwino nthawi zambiri chimadya timadzi ta m'thupi totchedwa mahomoni: galasi lake limafiirira, ndipo alipo mapiritsi ochimana chakudyacho. Cha maselo obalalika, ochulukana mothamanga, kawirikawiri chimasiya galasi lotuwa, ndipo mapiritsiwo sichiwamva.

Mu Febuluwale 2023 malemu ndi mng'ono wawo onse awiri anapezeka ndi zotupa, mlungu umodzi womwewo. Ku labotale zoyezedwa zimabwera ndi manambala okha, popanda mayina. Tsiku lina malemu anakonza magalasi awiri, lina lofiirira, lina lotuwa, n'kuuza anzawo kuti mwini wa lofiiriralo ndi wamwayi, koma winayo ayambe kutsanzika ana. Masana adokotala anawaitana. Lofiirira linali la mng'ono wawo, lotuwa linali lawo.

Apa nsanje inasamuka nyumba. Malemu ankadandaula poyera kuti zaka makumi awiri ndi zisanu akhala akuweramira matendawa, koma mwayi wagwera telala wosadziwa n'kalembedwe ka dzina lake. Tsitsi lawo litayoyoka, la mng'ono wawo likadali lolukidwa, analamula kuti mng'onoyo asapondenso m'chipinda mwawo. Tinanyengerera mpaka malovu kuuma.

Miyezi isanu ndi itatu yomaliza mng'ono wawo ankakhala pa benchi ya pakhonde, kumeza piritsi lawo mobisa ngati lakuba, n'kumatumiza chakudya m'dzina la aneba. Ankapempha chinthu chimodzi chokha, kuona nkhope ya akulu awo. Malemu anatisiya Lachiwiri, pa 12 Novembala 2024, chitseko chili chitsekere.

Tikuthokoza anamwino, anzawo a ku labotale, ndi aneba amene anavomera kunama kuti chakudya chija chinali chawo. Malemu asiya amuna awo, ana atatu, ndi mng'ono wawo, amene nkhope ija aiona m'mawa uno titatsegula bokosi.

Mzimu wawo uuse mu mtendere umene unawasowa pansi pano.