Mwala wa NaBanda Udakali Kuphiri

Kalekale, chaka chimene ndinakwatira agogo anu aakazi, ndidakali ndi mano onse ndiponso mawondo osalira, ndinakoka nawo mwala waukulu kuposa chitseko cha fulati ino kuchokera kuphiri mpaka kumanda, ndipo panalibe thirakitala, panalibe kampani, panalibenso zolengedwa zochokera kumwamba zimene zinatsika kudzatithandiza. Yamikani, foniyo uyike patebulopo, ndikunena iwe. Dzulo mu basi, kuchokera ku Woolwich mpaka kutsika pano pa Thamesmead, unandiboola m'makutu ndi nkhani yako yoti mapiramidi a ku Iguputo sanamangidwe ndi anthu, akuti ndi ma eliyeni a ku nyenyezi, ndipo lero tangochoka ku tchalitchi wandionetsanso zithunzi za kampani ya ku Lilongwe yoti ikamange chiliza cha agogo anu ife tili phee kuno, tikuonerera pa vidiyo ngati mpira. Iwe ukuziona ngati nkhani ziwiri zosiyana, koma kwa ine ndi matenda amodzi, ndipo zonse zandikwiyitsa.

Tadala, iwe ndi amene unatikokera ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ija mu tauni chifukwa cha ntchito yako ya kusukulu, ndipo unachita bwino, koma mlongo wakoyu anapita ndi maso okha, makutu anatseka ndi timawaya take. Mayi wotionetsa zinthu uja ananena momveka bwino kuti mapiramidi ndi manda a mafumu, ziliza zawo, ndipo sanayambe n'kukhoza ayi. Yoyamba anaimanga ya masitepe, yosanjikiza ngati uvuni wa njerwa, kenako anafuna yosalala, koma ina atafika nayo pakati anaona kuti yaima chilili kwambiri ndipo ikhoza kuwagwera, ndiye anaipinda kumtundako, mpaka lero ili chipindikire. Tsono undiuze, Yamikani, mlendo wanzeru zoulukira kuchokera ku nyenyezi angafike pano n'kumanga khoma lopindika? Kulakwitsa kotero ndi kwathu anthufe, ndakuonapo kangapo kwa amisiri a kumudzi, amayamba ndi matama n'kumaliza akukanda m'mutu.

Anatiuzanso kuti miyala yambiri ankaiswa pafupi pomwepo, koma yoyera yokutira kunja inkabwera pa mabwato nthawi imene mtsinje wa Nailo wasefukira, minda itamira, anthu alibe kolima. Ankagwira m'magulu, gulu lililonse ndi dzina lake, akudya buledi ndi kumwa mowa, ndipo amene anafera pa ntchito anawaika pafupi ndi chimene anamanga. Ine zonsezo ndinkangogwedeza mutu, mpaka pamene anationetsa chithunzi cha anthu akukoka chimwala chosema pa chileyi, munthu mmodzi ali kutsogolo akuthira madzi pamchenga. Pamenepo ndinaima nji, ndipo iwe Tadala unathamanga kukandifunira mpando poganiza kuti mawondo ayambanso. Sanali mawondo, mdzukulu wanga. Ndinaona agogo ako.

Chileyi simuchidziwa, ndikuona nkhope zanuzo. Ndi mtengo wa mphanda umene amausema pansi kuti uzitsetsereka, n'kumangapo mitengo yopingasa, katundu pamwamba. Chaka chimenecho, titakolola, abale a agogo anu kwawo ku Dedza anagwirizana zomanga chiliza cha gogo wawo amene anawalera onse, ndipo ine ndinali mkamwini watsopano, wofuna kuoneka wamphamvu pamaso pa apongozi. Masiku ano mumatumiza uthenga pa gulu la pa foni, wina n'kuyankha ndi kachithunzi ka chala, basi nkhani yatha, koma nthawi imeneyo uthenga unkayenda ndi miyendo, ndipo wa ku Mchinji ankabwera, wa ku migodi ankabwera, amayi n'kuyamba kuviika chimera cha thobwa ndi mowa ntchito isanayambe n'komwe.

Tinakwera kuphiri amuna tonse, tinapeza thanthwe lopyapyala bwino, tinasonkhapo moto waukulu mpaka linatentha, kenako tinalithira madzi ozizira, ndipo linalira ngati mfuti n'kung'ambika pawiri. Chibenthu chimodzi tinachinyamulira pa chileyi ndi mitengo, chinacho tinachisiya pomwepo. Ng'ombe sitinaziyerekeze chifukwa cha kutsetsereka kwa malowo, tinamanga zingwe ziwiri za khonje, ina kumanja ina kumanzere, ndipo apa m'pamene panali vuto, chifukwa amalume awiri a agogo anu, a Jekapu ndi a Gidiyoni, sankalankhulana. Anakanganirana dimba kalekale, moti ngakhale pa maliro ankakhala pa mafuwa osiyana. A Jekapu anatsogolera chingwe cha kumanja, a Gidiyoni cha kumanzere, ndipo uyu akati kokani, winayo amapumitsa anthu ake dala, uyu akapuma, winayo ndiye amakoka. Chileyi chinkayenda chammbali ngati nkhanu, ndipo pofika pamchenga wa kumtsinje chinatitimira, mwala n'kusendemuka, pang'ono kuti undiphwanye phazi lomwe ndikuyendera mpaka leroli.

Apongozi anga, mlongo wawo wa amalume awiriwo, anali mayi wamfupi wosachedwa kupsa mtima. Anatula mtsuko pansi, anamasula chingwe chimodzi ndi manja awo n'kuchiponya kutchire, ndipo anati, "Amene ali kumandako anakuberekani nonse m'mimba imodzi. Gwirani chingwe chimodzi, kapena muusiye mwala wawowu pamchenga pompano anthu akusekeni." A Jekapu anagwira, a Gidiyoni anagwira kumbuyo kwawo, ife tonse tinandanda, ndipo kuti chingwe chimodzi chikokeke pamafunika mawu amodzi, ndiye a Jekapu, atayang'ana kumbali, anati, "Gidiyoni, yambitsa nyimbo, mawu abwino ndi ako." Amenewo anali mawu oyamba pakati pawo kuchokera tsiku la dimba lija.

Koma chileyi chinali chidakali chotitimira, ndipo apa m'pamene anatulukira agogo anu, NaBanda wanga, mtsikana wa khosi lalitali, mtsuko uli pamutu. Anapita kutsogolo kwa chileyi n'kuyamba kuthira madzi pamchenga pang'onopang'ono akubwerera chambuyo, osati ambiri oti pachite thope, ongokwanira kuti mchenga ugwirane, ndipo atsikana anzake ankamupatsira mitsuko ina. Anandiyang'ana ine thukuta lili kamukamu n'kunena mokweza kuti onse amve, "Akamwini a chaka chino ndi okongola nkhope chabe, kokani bambo!" Anthu anafa nacho chiseko, ine manyazi anandigwira, ndinakoka mpaka m'manja munatuluka matuza, ndipo mwala unayenda. Palibe anamuphunzitsa za Iguputo mtsikana ameneyo, Yamikani, ndipo palibe eliyeni anamunong'oneza. Munthu amene akukoka chinthu cholemera amapeza nzeru chifukwa msana ukumuwawa, koma inu amene ngakhale matumba a ku msika wa ku Woolwich mumafuna akubweretsereni pakhomo, mukaona chinthu chachikulu mumati sangakhale anthu.

Dzuwa likupendeka mwala unali pamalo pake, amalume awiri aja akumwera chipanda chimodzi, akutsutsanabe za dimba koma tsopano akuseka. Pobwerera, ine ndi agogo anu tinadzera kuphiri kukatenga nkhwangwa zimene tinasiya, ndipo iye anaponda chibenthu chotsala chija n'kunena kuti, "Uwu ndi wanga. Tsiku langa likadzakwana, ana anga adzandikokere." Ine ndinamukalipira kuti asamatchule zoopsa, iye anangoseka. Anabwerezanso mawu omwewo m'chipatala kuno, atagwira ntchito ya unamwino mpaka tsitsi kuyera, amayi anu ali pomwepo akumva. Tinamuperekeza kwawo monga anafunira, koma mvula yagwa kale kangapo pamanda pake, pali mulu wa dothi ndi kamtanda ka thabwa basi, ndipo mlamu wanga akandiimbira foni amandiuza kuti mwala uja ulipobe, mbuzi zimagonapo.

Ndiye lero mukundionetsa mwala wonyezimira wa m'sitolo, wolembedwa ndi makina, woti anyamata osamudziwa akautsitse pa lole, ajambule chithunzi, atumize, ife tiyankhe ndi kachala. Iyayi, Tadala, usandiyankhe m'Chingerezi, ndamva kale, ukuti wa m'sitolowo ndi wolimba ndipo ukhalitsa. Wolimba kuposa piramidi? Mafumu aja anaunjika miyala mpaka kufika kumitambo kuti asadzasokonezedwe, koma mayi uja ananena yekha kuti akuba analowamo kalekale, ndipo ofukula atafika anapeza mabokosi opanda kanthu. Nanga anthu aja tinawaona m'magalasi, okulungidwa m'nsalu, alendo akuwajambula uku akutafuna chingamu? Amenewonso anali ndi manda awo abwino, anali ndi mayina, koma anthu odziwa njira ya kumanda awo anatha, ndipo lero agona mu London muno mozizira, opanda wowalambulira. Ine pamenepo mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinachita mantha, chifukwa inu awiri simudziwa ngakhale mtengo umene agogo anu agona pansi pake.

Ndikudziwa, Yamikani, uli ndi ntchito yatsopano ndipo holide ndi yochepa, amayi anu mashifiti awapanikiza, kumudzi kuli udzudzu, netiweki imavuta, zonsezo ndazimva mpaka zandikwana. Sindikukupemphani kuti mukamange piramidi. Ndikupempha kuti sukulu ikatsekera, dzuwa la kuno likamachedwa kulowa, tikwere ndege tonse, mukagone m'nyumba imene amayi anu anabadwiramo, mukamve abale anu akukusekani Chichewa chanu chopindikacho, ndipo museke nawo, chifukwa munthu amene mwakoka naye chingwe chimodzi sadzakufunsani kuti ndinu ana a yani. Manja anu ofewawo akatuluka matuza, inde, koma matuza amapola, ndipo njira imene mwakokamo mwala simudzaiiwala, mudzailondola nokha ngakhale ine kulibe.

Chabwino, Yamikani, itenge foni yakoyo, koma kampani ija uitseke, uyang'ane za ndege, ndipo amayi anu akabwera ku shifiti muwauze nokha, asamve kwa ine. Musadere nkhawa za mawondo angawa, ndikudziwa kuti chingwe sindingachigwirenso, ndipo sindikakuvutitsani ndi matama a ukalamba. Inu mukakoka pamodzi ndi abale anu. Ine mukangondipatsa mtsuko, ndikayenda kutsogolo chambuyo pamene ankayenda agogo anu, ndizikathira madzi.