Kamzere Kamodzi ka Batire

"Bambo, mwazula foni yanga ndinu!" anakalipa mtsikana m'chipinda chodikirira basi, momwe munali soketi imodzi yokha.

"Ndine, mwana wanga. Yako ikuti 9, yangayi yatsala ndi kamzere kamodzi. Wovutika ndani?"

"Ikadzaza timakhala timizere tingati?"

"Tinayi."

"Ndiye gawani 100 panayi. Kamzere kalikonse ndi 25 peresenti. Inu muli ndi 25, ine 9! Ikazima, wodzandichingamira andipeza bwanji?"

"25? M'kafoni aka? Zaka khumi ndili nako, sikanandiuzepo."

"Masamu sanama, bambo. Zulani!"

"Ndizula, usandidye. Koma ine ndikuona kamzere kamodzi basi. Tina 24 tija wapita nato kuti? Yankha kaye!"