Chingerezi cha ku Joni

Pa siteji ya Jenda, mtsikana wina ankaswa mtedza pang'onopang'ono, akudikira basi ya ku Joni komwe anamupezera ntchito ya m'nyumba. Bambo wina wachilendo ankamuyesa Chingerezi.

"Desert ndi chipululu, mchenga wokhawokha. Dessert ndi zotsekemera zodya mutakhuta kale. Apa muzikoka kumapeto, asisi, abwana asadzakusekeni."

"Yewo, adada."

"Kumeneko misewu imadutsa pamwamba pa inzake, magalimoto ngati akuyenda m'mitambo. Tatchulani tsono."

Mtsikanayo anasiya kuswa.

"Mwana wanga ndamusiya ku Manyamula, watsala pang'ono kuyamba kuyankhula. Timilomo take tikuchita kugwedera chomene. Mawu amene ndikufuna kumva katchulidwe kake ndi akewo, adada. Basi ikabwera, ingondisiya."