Kanthawi ka Dokotala Torquil Beaton

Malemu achimwene anga, Dokotala Torquil Beaton, anabadwa pa 9 Malichi 1958 pachilumba chathu chino, m'banja la asodzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo, Alasdair. Abale ndi anansi, mundipirire. Sukulu yanga inali yamadzulo, ndikaweruka padoko, ndipo kukometsa mawu sindikudziwa.

Sukulu anayambira pompano, nakamaliza maphunziro a udokotala ku Aberdeen mu 1983. Zipatala zikuluzikulu za kumtunda zinawafuna, koma iwo anabwerera kuno mu 1987, atamanga banja ndi mayi Effie amene akhala kutsogoloku. Kuyambira pamenepo dokotala wa chilumba chino anali mmodzi, iwowa basi. Ambiri mwa inu anakulandirani ndi manja awo tsiku lomwe munabadwa. Ena anakuzulani mbedza m'zala.

Mu 2019, mayi Peigi MacInnes, amene ankadwala khansa, anamwalira achimwene atawabaya mankhwala opha ululu. Ana a mayiwo anadandaula kuti mlingo unachuluka. Anawo ali nafe muno lero, ndipo banja lathu silikuwasungira kanthu kumtima. Mayi ako akamwalira umafunsa ndithu. Ngakhale bungwe lopereka ziphaso kwa madokotala, komwe anakadandaula, sindinalide poyamba. Ntchito yake ndi kuteteza odwala, ndipo ineyo ndinawauza achimwene kuti adekhe.

Bungwelo silinawalande chiphaso. Linangoti, pofuna kuteteza anthu pamene likufufuza, asaone wodwala popanda dokotala wina wowayang'anira m'nyumba yomweyo. Linati ndi za kanthawi chabe. Amene analemba mawuwo ayenera kuti ankaganiza za chipatala cha m'tauni, komwe madokotala amagundana mapewa m'khonde. Nanga kuno dokotala winayo akanachokera kuti? Anayamba kutitumizira dokotala wobwereka Lachiwiri lokha, sitima ikayenda. Tsikulo achimwene ankavala tayi, n'kukagwira ntchito moyang'aniridwa ndi mlendo wosadziwa dzina la wodwala ngakhale mmodzi. Kusitolo anzawo ankawaseka kuti, "Adokotala, mlezi wanu wabwera lero?" Iwo n'kuyankha kuti, "Nyanja yakwiya, lero ndine wamasiye. Inu mudwale sabata yamawa." Pagulu ankaseka. Zakunyumba akuzidziwa ndi mayi Effie.

Mu 2020 anakasuma kukhoti kumtunda, kupempha kuti chiletsocho chichotsedwe, kapena wowayang'anirayo azilankhula nawo pafoni. Woweruza anati khoti silingalowerere, poti chiletsocho n'cha kanthawi. Mu 2021 bungwe linawonjezera nthawi. Anachita apilo, yankho n'kukhala lomwelo. Mu 2022 linawonjezeranso. Ine mawu akuti kanthawi ndinkawadziwa ngati nthawi yodikira ketulo kuti iwire. Sindinkadziwa kuti munthu angamere imvi ali m'kati mwa kanthawi. Ndipo mumvetse, achimwene sankapempha kukhululukidwa. Ankangofuna kuti mlandu uzengedwe, wina anene poyera ngati analakwa kapena ayi. Akanawapeza olakwa, akanavula tayi ija okha.

Pa 13 Januwale chaka chino, masana, anayamba kumva kupweteka pachifuwa ali kukhola la nkhosa. Anadziwa okha chimene chinali, ndipo anamwino athu, mayi Kirsty, ankachita zimene wodwalayo ankawauza. Linali Lachisanu, osati Lachiwiri. Kunali mkuntho, sitima sinayende, ndege ya odwala inalephera kutera. Chilumba chimene bungwe lija linkachiteteza kwa dokotala wake chinalibe dokotala. Anatisiya kusanade.

Dzulo loya wawo anatiimbira foni. Akuti mlandu watsekedwa, chifukwa munthu womwalira sangaikenso odwala pachiopsezo. Choncho a banja la MacInnes sadzamva yankho, ifenso sitidzalimva. Lero tikuika m'manda achimwene pamodzi ndi funso lawo.

Malemu asiya mayi Effie, ana awiri, Ruaraidh ndi Seonag, adzukulu atatu, ndi ine mng'ono wawo. Tikuthokoza mayi Kirsty amene sanawasiye mpaka pomaliza, abusa athu, abambo amene akumba manda m'nthaka youma gwaa ndi chisanu, ndi amayi amene atikonzera tiyi ndi supu kuholo. Tikuthokozanso a banja la MacInnes pobwera, sizinali zapafupi.

Achimwene, pumulani mu mtendere. Umenewu wokha si wa kanthawi.