Nsolo ya ba Tembo

Zaka zija fakitale yathu ya mabulangete itatsekedwa, ufa tikuupeza pamzere, ine ndinali nditadutsa kale zaka makumi asanu, ana anayi m'nyumba kuno ku Kanyama, ndipo ntchito yotsala inali yotsitsa matumba a ufa pa depoti, koma kapitao ankalemba munthu poyang'ana mapewa. Inu lero mumanyamula zitsulo zonyezimira mukudziyang'ana pagalasi. Ife tinathira simenti m'zitini za penti, n'kubaya paipi pakati, basi.

Ndinali ndi mantha, ana inu. Anyamata ankatiseka kuti tsobola wakale sawawa, ndiye ine ndinkanyamula osapuma, m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse. Koma mnzanga ba Tembo, wamkulu kwa ine, ankandidabwitsa: akanyamula kasanu ankatula, n'kukakhala pa nsolo, kusewera ulendo umodzi, kenako n'kubwereranso. Mawa lake osakhudza n'komwe chitini.

"Ba Tembo, mwabwela kunyamula olo kusewela?"

"Iwe Phiri, thupi ya mudala ili monga mbaula," anatero. "Ukapanikiza malasha kulibe mpata wa mphepo, izazima."

Ndinaseka, ine wanzeru.

Tsiku losankha anthu, kapitao anati titsitse matumba mpaka lole ithe. Pa thumba lachisanu ndi chiwiri mphamvu zinandithera, ndinagwada, ufa n'kumwazika anthu akuona. Ba Tembo ankangoyenda phee, akatula n'kukoka mpweya kawiri katatu, ndipo analembedwa. Ine ndinafika kunyumba ndili mbuu, mkazi wanga anangoyang'ana ana. Manyazi ake ndimawamvabe.

Mawa lake ndinakakhala pa nsolo paja. Kunyamula kasanu, kusewera, kunyamulanso, tsiku lotsatira kupuma, ndipo mwezi usanathe zitini zomwe zija zinayamba kupepuka! Mpaka lero ndimadzifunsa: kodi mphamvu zimalowa nthawi yanji, ponyamula kapena pokhala pansi? Lole ina itabwera, anandilemba.

Ndiye mukawauze atate anu, amene akuti akuyamba zitsulo chifukwa cha mimba, asapikisane nanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo iwe amene sunatule chifikire ine pano, tula, bwera pa nsolo pano utenge njere izi. Mbali iyo ankakhala ba Tembo, yakhala yopanda munthu nthawi yaitali.