Mayi Zimitsani ndi Lonjezo la Makalata

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1972, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Bambo awo, omwe anali mchimwene wanga, ankakonza mawotchi, pomwe mayi awo ankasoka zovala. Ine ndine azakhali awo. Banja landipatsa mphindi khumi, ndipo ndiyesetsa kuzisunga. Ofuna kulira muli ndi ufulu, koma lirani chapansipansi kuti akumbuyo amve, chifukwa malemu ankadana ndi uthenga wofika kwa ena n'kudumpha ena.

Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1978. Mayi awo atamwalira mu 1983, anabwera kudzakhala kwa ine. Anali mwana wosavuta kulera koma wovuta kumuyankha. Tsiku lina ndinathira mchere mu tiyi wa alendo chifukwa zitini zinali zofanana. Ine ndinati ndi maso anga. Iwo, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anati vuto si maso koma zitini. Anatenga choko n'kulemba chitini chilichonse zilembo zikuluzikulu, ndipo chamcherecho anachimanga kachingwe kuti dzanja lizichidziwa lokha. Ndikanakhala wanzeru ndikanadziwa pomwepo ntchito yomwe mwanayu anabwerera padziko.

Anamaliza sekondale mu 1990, anachita maphunziro otayipa mu 1991, ndipo mu 1992 analembedwa ntchito pa kampani ina yosindikiza mafomu. Pa 20 Julayi 1996 anakwatiwa ndi akamwini athu akhala patsogolowa, mphunzitsi wa masamu, omwe tonse timangowatchula kuti Aphunzitsi. Mulungu anawapatsa mwana wamkazi mu 1998 ndi wamwamuna mu 2001. Mu 2003 malemu anatsegula kashopu kawo kotayipa ndi kukopa zikalata, kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wometa tsitsi, momwe munthu akalowa wachiwiri woyamba ankayenera kupuma pang'onopang'ono.

Mu 2008 Aphunzitsi anayamba kudwala maso. Tinazungulira zipatala, koma pofika mu 2010 kuona kunatheratu. Kuphunzitsa sanasiye ayi, masamu anali m'mutu. Chomwe chinawathyola ndi kalata. Tsiku lina analandira envelopu kuchokera kwa owalemba ntchito, n'kupempha mnzawo m'chipinda cha aphunzitsi kuti awawerengere. Mnzawoyo, wopanda choipa mumtima, anayamba kuwerenga mokweza. Kalatayo inkanena za matenda awo, ndi kuti aganizire zopuma ntchito. Aphunzitsi anzawo onse anamva, wokolopa anamva, ngakhale ana awiri omwe ankadikira chilango pakhomo anamva. Madzulo ake Aphunzitsi sanadye. Malemu sanalire, sananyengerere. Anangowauza kuti: "Bambo a mwana, kuyambira lero palibe munthu adzakuwerengereninso kalata yanu, ngakhale ineyo." Lonjezo limeneli ndilo mbiri yonse ya malemu. Zina zonse ndi nthambi chabe.

Anafufuza n'kupeza pulogalamu yomwe imawerenga mokweza zolembedwa pa kompyuta. Anaiika, Aphunzitsi anavala zomvera m'makutu, tonse tinati nkhani yatha. Kunali kusadziwa. Atatsegula chikalata choyamba cha kuntchito, makinawo anangonena mawu amodzi: chithunzi. Chachiwiri, chithunzi. A maofesi ankangojambula pepala n'kutumiza. Kwa ife a maso, chithunzi cha kalata ndi kalata ndithu. Kwa munthu wosaona, malemu ankati kuli ngati kupatsa wanjala chithunzi cha chakudya n'kumufunsa ngati wakhuta.

Mu 2011 zinafika pothina. Owalemba ntchito analamula kuti mphunzitsi aliyense azilowetsa yekha malikisi a ana pa tsamba la pa intaneti. Aphunzitsi anauzidwa kuti akalephera pakutha pa teremu, apite kunyumba. Atatsegula tsambalo, makina aja ankangoti batani, batani, batani, osanena kuti batani lotani. Lotumiza ndi lofufuta zonse ankamveka chimodzimodzi. Malemu anatseka shopu, napita ku ofesi yaikulu, nakhala pabenchi masiku atatu ndi chikwama chawo pamiyendo. Tsiku lachitatu anawalowetsa kwa katswiri yemwe anakonza tsambalo. Katswiriyo anafotokoza mwaulemu kuti tsamba lake linalibe vuto, aliyense amaliyamikira. Malemu sanatsutse. Anatambasula dzanja, anazimitsa sikirini, anazula mausi, kaja timakayendetsa ndi dzanja patebulo, n'kukaponya m'chikwama. Kenako anamuveka zomvera za Aphunzitsi n'kumuuza kuti alowetse malikisi a mwana mmodzi yekha.

Katswiriyo anatuluka thukuta kwa theka la ola, ndipo pamapeto pake anafufuta kalasi yonse. Tiyenera kumulemekeza, chifukwa sanakwiye. Anakokera malemu mpando. Kwa milungu itatu anagwira ntchito limodzi, kupatsa batani lililonse dzina lake, ndi bokosi lililonse mawu onena choti ulembemo. Teremu isanathe, Aphunzitsi analowetsa okha malikisi a ana 240, osalakwitsa ngakhale amodzi. Anaphunzitsanso zaka khumi ndi chimodzi, n'kupuma mu 2022 pa msinkhu wawo, ndi mwambo wotsanzikana ngati wina aliyense. Ndipo kuchokera ku ofesi ija kunatuluka dzina lomwe ambiri mumawadziwa nalo: Mayi Zimitsani.

Mu 2012 malemu anagulitsa makina okopera zikalata n'kuyamba ntchito yokonza masamba a pa intaneti ndi zikalata kuti aliyense azitha kuwerenga yekha. Ofesi yawo inali tebulo la pakona m'chipinda chodyera, pafupi ndi zenera, ndi pilo kumsana. Anaphunzira okha, pa intaneti, magalasi ali pamphuno. Ankalembedwa ntchito ndi masukulu, zipatala zazing'ono, mabungwe ndi kampani za mabasi, kuti akonze masamba awo ndi zikalata zawo. Kulikonse ankayamba chimodzimodzi: zimitsani sikirini, ndipatseni mausi, tsopano pezani pomwe pali nambala yanu ya foni. Chikalata chopanda mitu ankati ndi nyumba yopanda zitseko, ukafuna kuchipinda uyambe wagumula khoma. Zilembo zotuwa papepala loyera ankazitcha ufa wotayikira pa thonje. Kanema wopanda mawu olembedwa pansi ankamubweza, chifukwa anali ndi mnzawo wosamva yemwe ankawayesera ntchito, komanso bambo wina wonjenjemera manja yemwe sankatha kulasa timabatani ting'onoting'ono. Woyesa wamkulu anali Aphunzitsi. Iwo akapanda kunena kuti zatheka, ntchito sinkatuluka m'nyumba, ngakhale mwini wake aimbe foni kakhumi.

Sindinabwere kudzanama pamaliro. Si onse ankawakonda. Bwana wina anawathamangitsa, ati amachedwetsa ntchito ndi anthu omwe sabwera n'komwe pa tsamba lake. Malemu anamuyankha kuti munthu sabwera pakhomo lomwe mwakhoma. Patatha zaka zitatu, bwanayo maso atayamba kuchita chidima ndi shuga, anawaitananso, ndipo malemu anapita osamukumbutsa. Ndamuona ali pakati panu, sindimuloza. Ndilengezenso kuti m'dirowa ya malemu tapezamo mamausi asanu ndi awiri. Eni ake muonane ndi mwana wamwamuna mwambo ukatha.

Mu Ogasiti 2024 malemu anayamba kudandaula m'mimba ndi kutopa. Mu Novembala zotsatira za kuchipatala zinafika pa foni yawo. Inali khansa ya m'chiwindi, ndipo inali itapita patali. Zotsatirazo zinabwera bwanji? Mwadziwa kale. Chithunzi, chopendekeka, chidindo chitaphimba mawu, dokotala atalembapo pamanja. Malemu atazitumiza pa foni ya Aphunzitsi, yomwe masiku ano imayesako kuwerenga zithunzi, inangobwebweta zosamveka. Apa ndiulule. Ine ndinatengera malemu kukhitchini n'kuwalangiza kuti popeza makina alephera, tiwasiye kaye Aphunzitsi, tidzawauze pang'onopang'ono. Anandiyang'ana ngati ndathiranso mchere mu tiyi. Anapita patebulo lawo, anatayipa zotsatira zonse, mutu uliwonse pamalo pake, manambala m'mizere yake, osachotsa liwu, osafewetsa liwu. Anatumiza pa foni ya amuna awo, n'kutuluka panja kukaanula zovala kuti bamboyo awerenge yekha nkhani ya mkazi wake. Atamaliza, Aphunzitsi anatuluka okha n'kukawagwirira beseni.

Miyezi yotsatira malemu anaigwiritsa ntchito pophunzitsa mwana wawo wamkazi, yemwe anali atayamba kale kuwathandiza. Ankakangana tsiku lililonse, ngati mmene anthu ofanana amachitira. Ntchito yawo yomaliza anaipereka mu Epulo chaka chino, atagona pabedi, kompyuta ili pa thireyi. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Juni, ndipo anatisiya Lolemba pa 9 Juni 2025, cha m'ma 10 koloko m'mawa, Aphunzitsi atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 53.

Masana a tsiku lomwelo, ine, posafuna zochedwa, ndinatenga pepala ndi cholembera, ndinalemba uthenga wa maliro ndi dongosolo lonse, ndinajambula ndi foni n'kutumiza kwa abale ndi abwenzi onse. Aphunzitsi anali pampando wawo pabalaza. Foni yawo inalira, ndipo chipinda chonse chinamva ikunena kuti: chithunzi. Inayesa kuwerenga, koma kalembedwe kanga ngakhale ana anga amakalephera. Aphunzitsi anatambasula dzanja n'kundipatsa foniyo. Anati: "Azakhali, tandiwerengereni." Mawu amenewo anali asanatuluke pakamwa pawo kwa zaka khumi ndi zisanu. Mayi Zimitsani anali asanathe maola asanu, ndipo lonjezo lawo linali likuthyokera m'manja mwanga.

Ndinali nditatsegula kale pakamwa. Mwana wamkazi uja anachokera kukhitchini, maso ali psuu, anandilanda foni m'manja, ndi yanganso, n'kuziponya m'chikwama cha mayi ake. Anati agogo mukhale pansi. Ndinakhala. Anapita patebulo la pakona, ndipo atayatsa kompyuta anapeza kuti malemu anali atatidziwa kale. Anasiya chikalata cha uthenga wa maliro awo chokonzeratu, mitu yonse ili m'malo, pongotsala tsiku, nthawi ndi malo. Pamwamba analembapo kuti: musajambule, azakhali. Pasanathe mphindi makumi awiri, Aphunzitsi anawerenga okha, ndipo uthenga unatumizidwanso kwa onse.

Tayang'anani mabenchi a kumanjawa. Ndawerenga ndodo zoyera za anthu osaona makumi atatu ndi zinayi. Palibe anachita kuuzidwa ndi mwana wa mnansi. Anawerenga okha nthawi, anawerenga okha njira, ndipo anafika msanga kuposa abale ena a maso awiri.

Pa pepala la dongosolo lomwe muli nalo pali chithunzi cha malemu, chojambulidwa mu Malichi. Malemu ankati chithunzi chilichonse chizikhala ndi mawu ochifotokoza, ndipo ichi anachifotokoza okha. Ena mwamva kale m'makutu mwanu. Ndiwerengere a masonu, popeza lero otsalira ndinu. Analemba kuti: "Mayi wamfupi wa zaka 53, wavala diresi lobiriwira lomwe amuna ake amati ndi lofewa. Waonda, ndipo imvi zachuluka kuposa zomwe amuna ake anaziona komaliza, asakunamizeni. Akumwetulira chifukwa akuyang'ana munthu amene waima pambali pa wojambula." Amene anaima pambali pa wojambula ndi Aphunzitsi.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, mdzukulu mmodzi, achimwene awiri, mchemwali mmodzi, ndi ine azakhali awo. Ntchito yawo ipitirira, mwana wamkazi waitenga pamodzi ndi chikwama. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino omwe anawasamalira, anansi omwe atigwira mkono kuyambira Lolemba, aphunzitsi anzawo a akamwini athu, womasulira m'chinenero cha manja yemwe waima pano chiyambireni, ndi nonse mwasiya ntchito zanu.

Mbiri ino Aphunzitsi aiwerenga okha m'mawa uno, ndipo andikonza madeti awiri. Mwana wanga, lonjezo lako lili chiimire. Zimitsa tsopano, upume. Mzimu wa malemu uuse mumtendere.