Mawu Otukwana Anapita ku Pulinta Yam'mwamba

Ine, amene kuntchito amanditcha Wazingwe, wa zaka 38, wokhala kuseri kwa depoti ya mabasi, ndimagwira ntchito yolumikiza makompyuta.

Amene mwamangayo ndi mlamu wanga, mwamuna wa mchemwali wanga. Amalemba mapulogalamu mu ofesi yathu yapansi. Odandaula ndi eni nyumba, ofesi yawo ili m'mwamba. Intaneti timagawana, rauta, kabokosi koigawa, ndi imodzi.

Lolemba magetsi anazima. Atayaka, rauta inagawanso maadilesi a makina mwatsopano, ndipo adilesi ya pulinta yathu, yothera ndi 14, inapita ku pulinta yam'mwamba. Palibe anadziwa.

Lachiwiri m'mawa alamu ankayesa pulogalamu yotumiza malisiti ku pulinta. Pulogalamuyo imafuna manambala awiri: adilesi ya makina, ndi poti, lomwe ndi khomo lolowera uthenga. Analemba adilesi yakale ija, poti 9100. Pulinta yathu inangoti duu.

Alamu ali ndi chizolowezi: uthenga woyesera amaulembera makinawo. Ndikuona, analemba kuti, "Nkhalamba iwe, ukapanda kuyankha lero ndikuponya pawindo." Anaika kuti uthengawo uzibwereza mpaka atauimitsa okha.

Dzuwa lisanafike pamutu, eni nyumba anatsika ndi mapepala manja onse awiri. Tsitsi lawo ndi loyera, ndipo desiki yawo ili pawindo penipeni. Anati, "Walemba izi ndani?"

Alamu anaimirira. "Ndine, bambo, koma sindimanena inu."

"Ndiye m'nyumba muno muli nkhalamba inanso?"

Alamu analoza pulinta yathu. Izi sizinathandize.

Eni nyumba anaitana apolisi. Atabwera analamula kuti laputopu ya alamu ndi pulinta yam'mwamba asazikhudze aliyense, ndi umboni. Alamu anatengedwa asanaimitse pulogalamu. Mchemwali wanga ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno. Wakhala pabenchi panja pa polisi pano kuyambira dzulo, jekete la mwamuna wake lili pamiyendo.

Lero m'mawa ndinakwera m'mwamba. Pulinta ikutukwanabe. Eni nyumba akuikamo okha mapepala, akuti umboni usaduke. Ndinawauza kuti, "Bambo, wolembayo wagona m'chitokosi, ngakhale lamba anam'vula. Nanga akukulemberani ndani?"

Anadikira pepala lina lituluke, analiwerenga lonse. Kenako anatenga makiyi a galimoto nandifunsa kuti munthu akafuna kuchotsa mlandu amaonana ndi ndani. Ali panja apo, pabenchi lomwelo.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Wosaina: ____________________